Mphepo za Kumwamba, Gawo 4: Usiku umene thambo la ku Norway linachita mawanga

Sabata yatha tinasiyana ena mwa inu mukupukusa mitu. Munkati, "Makilomita 100 kupita m'mwamba, mpweya wake wochepa chonchija, mphepo ichokera kuti?" Khalani pansi, anzanga, mumve.

Usiku wa pa 5 Epulo 2019, anthu a kumpoto kwa Norway anali panja kuonera aurora, kuwala kobiriwira kuja kumene kumavina kuthambo. Kumeneko anakuzolowera. Koma mwadzidzidzi panatulukira madontho abuluu ndi apepo, ali ndandanda, kenako n'kuyamba kufutukuka.

"Kodi n'chiyani chimenecho?"

"Abale, si alendo ochokera kunja kwa dziko lapansi amenewa?"

Mphekesera inathamanga pa intaneti ngati moto wolusa m'tchire la mu Okutobala.

Sanali alendo ayi.

Anali maroketi awiri a NASA, oponyedwa kuchokera pachilumba cha Andøya pa kafukufuku wotchedwa AZURE. Atafika m'mwambamo anamwaza mankhwala owala, ndipo akatswiri pansi pano ankajambula kumene mitamboyo ikulowera. Mphepo siioneka, choncho anaipaka utoto. Nzeru imeneyi ine imandisangalatsa mpaka lero!

Nanga ankafunanji? Apa ndiye pagona nkhani. Aurora si kuwala chabe. Tinthu tamagetsi timatsika motsata mphamvu ya maginito ya dziko lathu n'kumawomba mpweya. Magetsi amphamvu amayenda m'mwambamo, mpweya n'kutentha. Tinthu tamagetsi tija tikamathamanga timakankhanso mpweya umene tadutsamo, ndipo mphepo imene imabadwa pamenepo imatha kuthamanga mamita mazanamazana pa sekondi imodzi. Mpweya wotenthawo sukhala malo amodzi. Umafufuma, umakwera m'mwamba, wina n'kumasefukira chakuno ku ikweta. Kukwera kumeneku ndi kumene a AZURE ankasaka.

Mukuti, "Ndiye ife zikutikhudza bwanji?"

Dikirani kaye.

Mpweya ukakwera umakafika kumene kumadutsa masetilaiti. Njira imene dzulo inali yopepuka, lero yalemera.

Pa 3 Febuluwale 2022, kampani ya SpaceX inaponya masetilaiti 49 a Starlink kuchokera ku Florida. Inde, Starlink yomweyi imene ena mwa inu mukulandirira intaneti. Anawasiya kaye m'munsi, pafupifupi makilomita 210 kuchokera pansi, kuti awayese asanawakweze. Zonse zinkaoneka bwinobwino. Koma masiku angapo izi zisanachitike, dzuwa linali litalavula kale mtambo wake wa tinthu tamagetsi, ndipo namondwe wa maginito anagwedeza dziko. Mpweya wa m'mwamba unatupa.

Mainjiniya anachita changu. Analamula masetilaiti aja kuti atembenuke, aziuluka cham'mbali kuti mpweya usawagwire kwambiri. Kenako anayamba kuwadzutsa kuti akwere.

Mwa 49 aja, anapulumuka angati?

Ayi, lero sindinena. Lembani nambala yanu pakapepala, muisunge bwino, tidzaonane sabata yamawa.