Chilembo Chimodzi: Yezu, Yesu ndi Chikatolika Changa

Ndinabadwira ku Chileka m'banja la Chikatolika, ndipo mpaka pamene ndinafika ku koleji sindinaganizepo kuti pali chachilendo pa momwe ndimatchulira dzina la Mpulumutsi. Kwathu timati Yezu, pomwe anzanga ambiri a m'kalasi amati Yesu. Kusiyana kwake n'kwa chilembo chimodzi basi, koma chilembo chimenechi chinandichititsa manyazi kwa chaka chathunthu. M'nkhani ino ndifotokoza komwe kusiyanaku kunachokera, komanso zomwe kwandiphunzitsa za kukhala Mkatolika masiku ano.

Tiyambe ndi mbiri. Amishoni a ku Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo Baibulo lomwe mipingo ya Chipulotesitanti inatulutsa mu 1922, Buku Lopatulika, linalemba kuti Yesu. Akatolika anakhazikika mochedwerapo. Ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu mu 1901, ndipo a White Fathers anafika ku Mua mu 1902. Ambiri mwa iwo ankalankhula Chifalansa, momwe chilembo cha "s" chikakhala pakati pa mavawelo awiri chimamveka ngati "z". N'kutheka kuti apa ndi pomwe panachokera Yezu wathuyu, yemwe analowa m'mapemphero, m'katekisimu ndi m'Baibulo la Akatolika la 1966, Malembo Oyera.

Si dzina lokhali lomwe limatizindikiritsa. Ife timati Misa, Ukaristia, Eklezia ndi kolona. Wansembe timamutchula kuti bambo, episkopi timati ambuye. Munthu akangotsegula pakamwa kupemphera, womvera amadziwiratu komwe amapita Lamulungu. M'maphunziro a chilankhulo timauzidwa kuti mawu sanyamula tanthauzo lokha, amanenanso gulu lomwe wolankhulayo akuchokera. Ine ndinazimvetsa izi ndisanaziwerenge m'buku.

Chaka changa choyamba ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnzanga wa mpingo wa Chipentekoste. Anali munthu wabwino, ndipo ndiwo tinkagawana. Tsiku lina atandiona ndi kolona anandifunsa kuti, "Kodi iwe unabadwanso mwatsopano, kapena ukadali Mroma?" Ndinasowa choyankha. Ku mapemphero a madzulo komwe ankanditengera kunali magitala, zinkuzamawu ndi maumboni a machiritso. Ndikayerekeza ndi Misa ya kwathu, ndinkaona ngati chipembedzo changa n'cha nkhalamba. Kolona ndinaitsekera m'sutikesi, ndipo pang'onopang'ono lilime linazolowera kunena Yesu.

Yemwe anazindikira kusinthaku ndi agogo anga aakazi a ku Lirangwe. Pa tchuthi ndinakwera minibasi kudutsa ku Lunzu kukawaona, ndipo madzulo anandiuza kuti ndipempherere nsima. Nditamaliza anandiyang'ana nati, "Mdzukulu wanga, ameneyu ndi yemwe uja kapena wapeza wina kusukuluko?" Ndinati, "Ndi yemweyo, agogo." Iwo anaseka nati, "Ngati ndi yemweyo palibe mlandu. Koma bwanji wamutchula uli chozolika ngati wakuba?"

Funsoli linandilasa chifukwa linali loona. Sindinasinthe chilembo chija nditaganiza mozama, ndinachisintha pofuna kubisala. Usiku umenewo agogo anandisimbira zinthu ziwiri. Choyamba chinali cha mu May 1989, pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anatera pa bwalo la ndege la Chileka, iwo ali m'chinamtindi cha anthu okamulandira. Chachiwiri chinali cha pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Kalatayo inadzudzula malipiro ochepa a antchito, kusowa kwa ufulu wolankhula ndi kutsekera anthu m'ndende osawazenga mlandu. Boma la Kamuzu Banda linaletsa kalatayo, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Agogo anati masiku amenewo kudziwika kuti ndiwe Mkatolika kunkachititsa nthumanzi, komabe Lamulungu lotsatira anavala chitenje chawo n'kupita kutchalitchi. Pa 14 June 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri.

Komabe mbiri yokha sikanandibweza. Chomwe chinandibweza ndi limana. Limana, lomwe m'madera ena amati mphakati, ndi kagulu ka mabanja oyandikana omwe amakumana m'makomo kuwerenga Malembo, kupemphera ndi kuthandizana. Maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, kudzera m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana m'zaka za m'ma 1970 kuti timagulu totere tikhale maziko a Mpingo. Agogo atadwala chaka chotsatira, ife tonse tinali kutali. Amayi a m'limana ndiwo ankawatungira madzi, kuwaphikira phala ndi kusinthana kugona nawo. Ndiwonso anakaitana bambo mfumu kuti adzawadzoze mafuta a odwala. Palibe anawalonjeza chozizwitsa, koma sanagone okha ngakhale usiku umodzi mpaka tsiku lomwe anatisiya.

Sindikunena kuti Mpingo wanga ulibe zilema. Achinyamata ambiri timadandaula kuti sitipatsidwa mpata wolankhula, ndipo nkhani za nkhanza zomwe ansembe ena anachitira ana m'mayiko osiyanasiyana zimandipweteka mtima. Sindikunenanso kuti a mipingo ina alibe chikondi, pakuti mnzanga uja anabwera kumaliro ku Lirangwe, nakhala nafe kusiwa usiku wonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Akatolika ndi 17 pa anthu 100 alionse m'Malawi, kutanthauza kuti ambiri omwe ndidzakhale nawo pa ntchito ndi m'mudzi adzakhala a zipembedzo zina. Ngakhale Buku Loyera la 1998, lomwe Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira limodzi, linalemba kuti Yesu, ndipo ndimaliwerenga popanda vuto.

Pomaliza, ndaphunzira kuti vuto silinali pa "s" kapena pa "z", linali pa manyazi anga. Kukhala Mkatolika lero, monga ndikuonera ine, ndi kuvomera poyera komwe unachokera, kenako n'kuchita zomwe amayi a m'limana anachitira agogo. Kolona ija ndinaitulutsa m'sutikesi. Mnzanga akatsogolera pemphero m'chipinda mwathu amati Yesu, ine ndikatsogolera ndimati Yezu, ndipo tonse timayankha kuti Amen.