Ndalama zothana ndi njala zizituluka chimanga chikadali m'midzi

Mhuju, Rumphi: Munthu amene wayenda pa msewu wa M1 kudutsa m'chigwa cha Henga m'mwezi wa Meyi sangaganize kuti dera la Mhuju m'boma la Rumphi lingasowe chakudya. Nthawi imeneyi zigafa zimakhala zodzaza ndi fodya, chimanga chili pa mikukwe, ndipo mavenda amakhala atapachika masikelo awo m'mbali mwa msewu kudikira alimi.

Koma amene angabwerere pa malo omwewo mu Januwale adzapeza maanja ena akudya kamodzi patsiku, eni minda atasiya kupalira kwawo n'kukagwira ganyu kwa anzawo kuti apeze ufa wa tsiku limenelo.

Kusiyana kwa miyezi iwiriyi ndiko kuyenera kukhala m'maganizo mwa akuluakulu onse amene amakonza ndi kuvomereza ndondomeko ya chuma cha boma. Njala m'dziko muno simabwera mwadzidzidzi ngati chivomerezi. Imadziwika nthawi yake, ndipo mtengo wothana nayo umadalira kwambiri mwezi umene ndalama zatuluka ku Thumba la Boma.

Chigwa cha Henga, m'mene mumadutsa mtsinje wa South Rukuru, chili m'munsi mwa mapiri a Nyika, ndipo alimi ambiri kumeneko amadalira mvula yokha. Ng'amba ya masabata awiri kapena atatu ikagwa pamene chimanga chikumasula, zokolola zimatsika. Ngakhale chaka chabwino, mlimi wamng'ono amagulitsa gawo la chimanga chake atangokolola, mtengo uli pansi, pofuna kubweza ngongole ya feteleza ndi kulipira ana sukulu. Chimanga chomwecho amadzachigulanso kwa mavenda pa mtengo wokwera nkhokwe yake ikatha. Ndalama za fodya nazo zimabwera kamodzi pa chaka, ndipo matenanti ogwira ntchito m'minda ya eni amakhala opanda nkhokwe yawoyawo.

Boma lili ndi njira yodziwira kukula kwa vutoli. Komiti ya MVAC, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 2002, imachita kafukufuku anthu akatha kukolola ndi kupereka chiwerengero cha anthu amene adzasowe chakudya m'boma lililonse pakati pa Okutobala ndi Malichi. Potengera lipotilo, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imakonza dongosolo la thandizo, makhonsolo amalemba maina mogwirizana ndi mafumu ndi makomiti a m'midzi, ndipo banja lililonse losankhidwa limalandira thumba la chimanga lolemera makilogalamu 50 pa mwezi kapena ndalama zoti ligule lokha. Chimangacho chimachokera m'nkhokwe za boma zimene limayang'anira ndi bungwe la NFRA, monga za ku Kanengo mu mzinda wa Lilongwe ndi za ku Mzuzu.

Dongosololi ndi lomveka bwino pa pepala. Pamene limapunthwa ndi pa ndalama.

Akuluakulu amene adali kale pa ntchito ya boma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 akukumbukira zimene zimachitika nkhokwe zikakhala zopanda kanthu. Bungwe la NFRA lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 ndipo lidayamba ntchito ndi ngongole za ku banki. Pakati pa 2000 ndi 2001, chimanga choposa matani 160,000 chomwe chidali m'nkhokwe chidagulitsidwa pafupifupi chonse. Bungwe la IMF lidati uphungu wake udali wochepetsa chimangacho osati kuchimaliza, koma mkanganowo sudabwezere ngakhale thumba limodzi. Zokolola za 2001 zitavuta, dziko lidapezeka chimanjamanja. Pamene mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, a Bakili Muluzi, amalengeza za ngozi ya njala mu Febuluwale 2002, anthu adali atayamba kale kumwalira m'midzi, ndipo chimanga choitanitsa kunja chimafika mochedwa komanso pa mtengo wokwera kwambiri.

Chiyambire nthawi imeneyo, njala yakhala ikubwerera. Mu Okutobala 2005 a Bingu wa Mutharika adalengeza ngozi ina anthu oposa 4 miliyoni atasowa chakudya. Mu 2016, ng'amba ya El Niño idachititsa kuti anthu oposa 6.5 miliyoni afune thandizo. Mu Malichi 2024 a Lazarus Chakwera adalengeza ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28, ndipo MVAC idapeza kuti anthu 5.7 miliyoni adzasowa chakudya pofika Malichi 2025. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 229,161 m'boma lonse la Rumphi. Izi zikutanthauza kuti chiwerengero cha 2024 chidali choposa maboma 24 a msinkhu wa Rumphi ataphatikizidwa. Chinthu chobwerezabwereza chotere sichiyeneranso kuyang'aniridwa ngati mlendo wofika usiku.

Kwa zaka zambiri gawo lalikulu la ndalamazi lakhala likuchokera ku maiko ndi mabungwe otithandiza monga WFP ndi Banki Yaikulu pa Dziko Lonse. Ngakhale ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006 ndi kufika m'maboma onse mu 2018, yakhala ikuyenda kwambiri ndi ndalama za abwenzi akunja. Tiyenera kuthokoza, komabe zimene zidachitika mu 2025, pamene dziko la America lidaimitsa thandizo lake lambiri ndi kutseka bungwe la USAID, zidaonetsa kuti chitsime cha mnzako chimatha kuphwa osakuuza. Kuonjezera apo, pempho la thandizo limapita ngozi ikalengezedwa kale, ndipo pamadutsa miyezi kuti malonjezo asanduke matumba.

Apa ndi pamene nthawi ili yofunika. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye kuti chimakumana ndi nyengo yokolola. Ngati aphungu a Nyumba ya Malamulo apereka ndalama zokwanira zogulira chimanga, ndipo unduna wa zachuma wazitulutsa mu Epulo kapena Meyi, NFRA ndi Admarc angagule kwa mlimi wa ku Mhuju mwini wake, ndi makwacha, pa mtengo umene boma lakhazikitsa. Mlimiyo amapindula ndipo nkhokwe zimadzaza. Ndalama zomwezo zikatuluka mu Sepitembala, chimanga chimakhala chili kale m'manja mwa amalonda, china chitaoloka malire, ndipo boma limagula matumba ochepa kapena kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse chochokera kunja udakwera nthawi yomweyo.

Alipo ena, ngakhale m'maofesi a boma, amene amati chakudya chaulere chimalimbikitsa ulesi, ndipo ndi bwino ndalama zonse zipite ku feteleza wotsika mtengo ndi ulimi wamthirira. Mfundo yawo ili ndi mutu, chifukwa palibe dziko limene lidatukuka ndi matumba ogawa. Koma amaiwala kuti mwezi wa njala ndi womwewo wopalira ndi kubandira. Banja limene latha Januwale yense pa ganyu limakolola zochepa ngakhale lidalandira feteleza, ndipo chaka chotsatira limapezekanso pa mndandanda. Ana nawo sadikira: kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osaposa zaka zisanu adali opinimbira. Gawo 30 la malamulo oyendetsera dziko lino limatchulanso chakudya pakati pa zinthu zimene boma liyenera kuonetsetsa kuti aliyense ali ndi mwayi wozipeza.

Pali mbali ina imene okonza bajeti amaiona ngati yaing'ono, ya mayendedwe. Chimanga chikhoza kukhala chilipo ku Mzuzu, koma popanda ndalama zolipirira magalimoto, mafuta ndi ogwira ntchito ya kalembera ku khonsolo ya Rumphi, sichingachoke m'nkhokwe. Midzi ya m'mphepete mwa mapiri imafikika ndi misewu yafumbi yomwe imaterera mvula ikayamba mu Disembala. Matumba a midzi imeneyi amayenera kukhala atafika pa malo ogawira pofika Novembala.