Chotupa chikaphwa, mankhwala asalekezedwe

Mwa mitundu ya khansa ya m'magazi imene imagwira ana m'dziko muno, wofala kwambiri ndi Burkitt lymphoma. Dzinali linachokera kwa Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni amene anafotokoza za nthendayi mu 1958 akugwira ntchito ku Uganda. Khansayi imayambira m'maselo oyera a magazi, omwe ndi asilikali a thupi, ndipo imaonekera ngati chotupa pa nsagwada, pafupi ndi diso kapena m'mimba. Imayenderana ndi kachilombo ka Epstein-Barr, komwe kanatulukiridwa mu 1964, komanso malungo obwerezabwereza. N'chifukwa chake imakonda madera a udzudzu wambiri monga m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire.

Chotupachi chimakula mofulumira zedi, moti chikhoza kuwirikiza kukula kwake m'masiku awiri okha. Komabe ambirife timayamba taganiza za dzino lobooka kapena kuloza zala achibale kuti alodza mwana, masabata n'kumapita. Nthendayi si ya ufiti ndipo sipatsirana. Mwana wotupa chotere afunika kupita naye msanga kuchipatala, kuti akamutumize ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli zigawo zothandiza ana odwala khansa.

Chotonthoza n'chakuti khansa imeneyi imamva mankhwala a kemotherapi, ndipo chotupa chimayamba kuphwa patangopita masiku ochepa. Koma msampha uli pomwepo. Banja likaona nkhope ya mwana yabwerera mwakale limaganiza kuti wachira, n'kuleka kupita kuchipatala. Maselo otsalira amachulukananso, ndipo nthenda ikabwerera imavuta kuchiza kuposa poyamba.

Tisafulumire kuweruza makolo oterewa. Mayi wodwazika amasiya munda wosapalira ndi ana ena kunyumba, ndalama yoyendera imatha, ndipo amaona mwana wake akusanza, tsitsi likuthothoka, m'kamwa muli zilonda. Zimenezi ndi zotsatira za mankhwala ndipo zimatha. Chosayenera kuchedwa nacho ndi kutentha thupi, chifukwa pa nthawiyi chitetezo cha mwana chimakhala chofooka. Athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Abale ndi alongo, mutu umodzi susenza denga. Ife oyandikana ndi banja lotere, ngakhalenso amene timapemphera nalo pa mzikiti umodzi, tingasonkhe ndalama yoyendera, kulipalirira munda ndi kusamalira ana otsala pakhomo. Odwala khansa ya m'magazi kawirikawiri amafunikanso kuwonjezeredwa magazi, ndipo bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira anthu opereka mwaufulu. Munthu wathanzi amapereka mamililita pafupifupi 450, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Mwana akaphonya tsiku lolandira mankhwala chifukwa chosowa ndalama ya minibasi, tonse omuzungulira tili ndi mbali pa mlanduwo.