Mlandu wa Chiwerengero Cholakwika mu Linux ndi Mmene Umaweruzidwira

Mlembi wa pamsika wa ku Ntengo-Wambalame akamawerenga matumba a kachewere, a nyemba ndi a chimanga, koma timizere tonse n'kumatilemba pansi pa kachewere pokha, chiwerengero cha matumba onse pamodzi chidzakhala choona ndithu, komabe mwini nyemba adzabwerera kwawo akudandaula, pakuti buku likuti iye sanabweretse kanthu. Cholakwa chotere chinapezeka mu Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anaiyamba ku Helsinki mu 1991.

Kompyuta ikayatsidwa, firmware imene opanga makinawo anaikamo imapereka matebulo ofotokoza ziwalo zake, potsata dongosolo la ACPI limene Intel, Microsoft ndi Toshiba anakhazikitsa mu 1996. Tebulo lotchedwa MADT, mwachitsanzo, ndilo limatchula mapurosesa. Gawo la Linux lowerenga matebulowa linayenera kusunga chiwerengero cha mtundu uliwonse wa zolembedwamo pawokha, koma linkangowonjezera pa mtundu woyamba. Mu 2016 Al Stone wa ku Red Hat anakonza zimenezi: pamene panali proc->count++ analembapo proc[i].count++, kuti kachilembo i kaziloza mtundu weniweni umene ukuwerengedwa.

Koma ngakhale chikonzero chikhale chaching'ono chotani, mwini wake sangachilowetse yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ayenera kulemba kalata yolongosola cholakwacho ndi zotsatira zake, nasaina pa mzere wa Signed-off-by, umene unayamba mu 2004, kuchitira umboni kuti ali ndi ufulu wopereka zimene walembazo. Kenaka amayang'ana mu fayilo ya MAINTAINERS, mmene mwalembedwa woyang'anira gawo lililonse, ndipo pa za ACPI dzina lake ndi Rafael Wysocki. Kalatayo imawerengedwa poyera monga pa bwalo la milandu, aliyense wodziwa amaloledwa kuitsutsa, ndipo wolemba amabwezedwa kawiri kapena katatu kukakonzanso popanda kuyesedwa wonyozeka. Apa ndi pamene ine ndimaona ulemu wa bwaloli: salipiritsa ndalama, safunsa khadi la umembala, ndipo mwana wasukulu wa ku Tsangano kapena ku Macanga, akakhala ndi intaneti ndi umboni wokwanira, amalowera pakhomo lomwelo limene amalowera antchito a makampani akuluakulu.

Woyang'anira akakhutira, amasonkhanitsa zokonza zake n'kupempha Torvalds kuti azilandire. Khomo la zatsopano limatsegulidwa milungu iwiri yokha. Pambuyo pake mlungu ndi mlungu pamatuluka Linux yoyeserera, kufikira yeniyeni itatuluka pakatha milungu 9 kapena 10 chitsegulire khomolo. Chikonzero chikakhala chofunika kwa amene akugwiritsabe ntchito Linux yakale, a Greg Kroah-Hartman ndi anzawo amachitengera kumeneko, koma lamulo lawo ndi lakuti salandira kanthu kamene Torvalds sanayambe wakalandira.