Ku Texas kulibedi msonkho?

Pakati pa anthu ogwira ntchito ku America, kuphatikizapo abale athu a m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, pali mawu amene samachoka pakamwa: "Bwerani ku Texas, kuno kulibe msonkho." Ena amatchula Florida, ena Tennessee. Onenawo sanama, ndipo ambiri amakhala akumufunira mnzawo zabwino. Kungoti nkhaniyo amaidula pakati.

Choona chake n'chakuti zigawo zitatuzi sizidula msonkho pa malipiro a munthu. Ku Texas, anthu anachita kuvota mu 2019 kuti lamulo lalikulu la chigawocho liletseretu msonkhowu. Ku Tennessee anavota motero mu 2014, ndipo kamsonkho kamene kanatsala, ka pa chiwongoladzanja ndi phindu la masheya, kanatheratu mu 2021. Koma ku America maboma odula malipiro alipo awiri. Kwathu tinazolowera PAYE yopita ku MRA basi, pomwe uko kuli boma la chigawo, palinso boma lalikulu la ku Washington. Lalikululi silisamala kuti mumagona ku Dallas kapena ku Los Angeles. Bungwe lake lotolera msonkho, IRS, limatenga gawo lake chimodzimodzi, ndipo wolembedwa ntchito amadulidwanso 7.65 peresenti ya Social Security ndi Medicare. Pa msonkho umene anthu ambiri amadulidwa pa malipiro, gawo lalikulu limapita kumeneko.

Ndiye amene amapindula ndani? Anthu amakonda kutchula msonkho wa 13.3 peresenti wa ku California, osanena kuti mlingo umenewu umakhudza ndalama zopitirira madola 1 miliyoni pa chaka. Msonkho wa kumeneko umayambira pa 1 peresenti n'kumakwera pang'onopang'ono. Mpondamatiki Elon Musk atasamukira ku Texas mu 2020, masamu ake anali omveka. Mayi wosamalira okalamba amene amalipidwa pa ola, zimene angapulumutse n'zochepa ndithu, ndipo zikhoza kuthera m'malipiro otsika. Ku Texas ndi ku Tennessee malipiro otsikitsitsa ovomerezeka akadali madola 7.25 pa ola, pomwe ku California anafika madola 16 mu 2024.

Boma lililonse limafuna ndalama za sukulu, misewu ndi apolisi, ndipo likapanda kuzitenga pa malipiro limakazitenga pena. Ku America mtengo wolembedwa pa katundu m'sitolo sukhala ndi msonkho, amauwonjezera mukafika polipira. Nsapato za madola 100 ku Houston m'chigawo cha Texas mumapereka 108.25, ku Memphis m'chigawo cha Tennessee 109.75. Tennessee imakhometsa msonkho ngakhale pa chakudya chogula kukaphika kunyumba, ngakhale kuti pamenepo mlingo wake ndi wotsikirapo. Wolemera amawononga kagawo kochepa ka ndalama zake m'sitolo. Wosauka zimathera momwemo pafupifupi zonse, ndiye msonkho wotere umamuluma iyeyo kwambiri. Apa m'pamene ine zimandikhudza, chifukwa amene amauzidwa kwambiri kuti asamuke ndi omwewo ongopeza zokwanira mwezi umodzi.

Nkhani yaikulu ili pa nyumba. Texas ili m'gulu la zigawo za msonkho wokwera kwambiri wa malo ndi nyumba, chifukwa sukulu za boma zimadalira ndalama zimenezi. Chaka chilichonse mwininyumba amalandira kalata yochokera ku ofesi yoyeza mitengo ya nyumba m'dera lake, yomuuza kuti nyumba yake tsopano ndi ya ndalama zakutizakuti. Akaona kuti akweza mopitirira, amakhala ndi mpaka cha pakati pa Meyi kuti akadandaule, ndipo anthu amapitadi atanyamula zithunzi za ming'alu ya m'makoma ndi denga lodontha pofuna kuonetsa kuti nyumbayo si yodula chotero. Wobwereka ngongole kubanki msonkhowu amaupeza utalowa kale m'ndalama zobweza pamwezi. Wa lendi asaganize kuti wathawa, mwininyumba amauika m'lendimo. Ku California lamulo la Proposition 13 la mu 1978 linaika malire a 1 peresenti pa msonkho waukulu wa nyumba, koma nyumba zenizenizo ndi zodula kwambiri, n'chifukwa chake ambiri amasamukabe. Kutsika mtengo kwa nyumba ku Texas ndi chifukwa chomveka chosamukira, mwina choposa cha msonkho.

Ku Florida mutu umawawa ndi inshuwalansi. Namondwe Ian anasakaza dera la Fort Myers mu Seputembala 2022, chaka chomwecho makampani angapo a inshuwalansi ya nyumba anagwa, ndipo mu 2023 kampani ya Farmers inalengeza kuti ikusiya kugulitsa inshuwalansi ya dzina lake m'chigawocho. Anthu opitirira 1 miliyoni anapezeka ali ndi inshuwalansi ya ku Citizens, kampani imene boma linakhazikitsa kuti ilandire osowa kolowera. Palinso lamulo la Save Our Homes loletsa kukweza mtengo woyezera msonkho wa nyumba yokhalamo mwini wake kupitirira 3 peresenti pa chaka. Ndi labwino kwa amene anakhazikika kale, koma nyumba ikagulitsidwa kuwerengera kumayambiranso pa mtengo watsopano. Mlendo akhoza kumalipira msonkho wochuluka kuposa mnzake woyandikana naye wa nyumba yofanana ndendende.

Za chipatala ndingozitchula mwachidule, ngakhale si zazing'ono. Zigawo zonse zitatuzi sizinavomere kukulitsa Medicaid, thandizo la boma lolipirira osauka kuchipatala, pansi pa lamulo la Affordable Care Act, ndipo Texas ndiyo imatsogola pa chiwerengero cha anthu opanda inshuwalansi ya chipatala. Amene ntchito yake simupatsa inshuwalansi afunse zimenezi asanamange katundu.

Chikhulupiriro china ndi chakuti kusintha adiresi n'kokwanira. New York imadziwika ndi kulondola anthu amene amati anasamukira ku Florida. Ngati munthu akadali ndi nyumba ku New York ndipo wakhalako masiku opitirira 183 m'chaka, amamutenga ngati wa komweko ndipo amamudula msonkho. Ofufuza amayang'ana kumene foni yake inkaimbira ndi kumene khadi lake la kubanki linkagula zinthu. Ngakhale wosamukiratu, ngati akugwirabe ntchito pa intaneti ku ofesi ya ku New York mwa kufuna kwake osati chifukwa abwana alamula, chigawocho chimawerengera malipirowo ngati opezedwa ku New York komweko.