Nyumba ya Mandala imakumbukira bwana, yaiwala amtengatenga

Amalawi ambiri timatchula dzina loti Mandala tsiku ndi tsiku, koma ndi angati amene analowapo m'nyumba imene ili ndi dzinali? Ili mu mzinda wa Blantyre, ndipo inamangidwa m'chaka cha 1882. Imadziwika kuti ndiyo nyumba yachizungu yakale kwambiri imene idakaimabe m'dziko muno.

Eni ake anali a kampani ya African Lakes, yomwe inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878. Oyendetsa kampaniyi kuno anali pachibale, John ndi Fred Moir. John ankavala magalasi a m'maso, choncho makolo athu anangomutcha kuti Mandala. Dzinalo linakakamira pa munthu, pa nyumba, pa sitolo, mpaka pa dera lonse.

Azunguwa ankagula minyanga ya njovu n'kumagulitsa nsalu ndi mikanda. Fred anavulala pa nkhondo yolimbana ndi Mlozi, wogula akapolo ku Karonga. John atasiya ntchito anabwera kuno ku Mulanje n'kukhala mlimi pa esiteti ya Lauderdale. Ndiye ife a ku Thuchila tisamayese kuti iyi ndi nkhani ya a m'tauni okha ayi.

Mu January 1915 anthu a John Chilembwe anathyola nkhokwe ya mfuti ya kampaniyi pa Mandala pomwepo. Nyumbayi inaona zonsezo.

Koma taimani kaye. Kodi njerwa zija anaumba ndani? Nanga katundu wochokera pa doko la pa Shire anakwera bwanji mapiri kufika ku Blantyre? Anali pamitu pa amtengatenga, agogo athu. Mutu umodzi susenza denga, komabe mbiri yasunga maina a mabwana okha. Osenza aja sitikuwadziwa.

Apa mpamene pagona nkhani. Inu a geni mumsika wa Limbe, malonda amene mukuchitawa ali ndi chiyambi chake, ndipo china mwa icho chili pa khonde la nyumba imeneyi. Inu ana a sukulu, bungwe la Society of Malawi linasonkhanitsa mabuku ndi zithunzi zakale m'nyumbayi. Pitani mukaone.

Mukabwerako, khalani pansi ndi agogo kumudzi. Afunseni za sitolo yakale ya pa msika wanu, amene anaimanga ndi amene ankagwiramo ntchito. Lembani mainawo m'kope nkhalambazi zisanatisiye, chifukwa palibe wina adzatilembere.