Kodi mumadziwa?

Kodi mumadziwa kuti Sir John Laing wa ku Carlisle, amene kampani yake idamanga chigawo chachikulu cha msewu wa M1 wotsegulidwa mu 1959, ndiponso tchalitchi chachikulu cha ku Coventry chopatulidwa mu 1962, pokhala munthu woopa Mulungu ndi wosaumira, adagawira mipingo, amishonale ndi antchito ake chuma chambirimbiri, kotero kuti pomwalira mu 1978 adasiya mapaundi 371 okha?

Dzina lakuti Laing n'lochokera ku Scotland, kumene linkanena munthu wamtali. Koma Angerezi ambiri, kapena osadziwa n'komwe, asenza m'maina awo ntchito za makolo omanga: Mason adali mmisiri wosema miyala, Thatcher wofolera nyumba ndi udzu, Tyler woyala matailosi padenga, ndipo Wright adali kalipentala.